NKHOKWE YACHETE NDI MAGETSI ODEKHA: KUSANKHA ZIDA ZA KOMPYUTA YAING'ONO YA PASUKULU

Lero tikambirana za kompyuta yaing'ono ya pasukulu, makamaka ziwalo zake ziwiri zimene anthu ambiri saziganizira pogula. Choyamba ndicho chosungiramo zinthu, chimene tichitche nkhokwe ya kompyuta. Chachiwiri ndicho chida chimene chimapatsa kompyutayo magetsi. Zitsanzo zathu tizitenga m'boma la Chongwe, koma zimene tinene zithandiza sukulu iliyonse, ya m'tauni kapena ya kumudzi. Aphunzitsi, khalani ndi choko pafupi, pakuti pali masamu pang'ono oti mulembe pabolodi.

Tauni ya Chongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Lusaka, m'mbali mwa msewu wa Great East Road. M'boma limeneli muli Chalimbana, kumene sukulu yophunzitsa aphunzitsi inatsegulidwa m'chaka cha 1939, ndipo m'chaka cha 2013 inasanduka yunivesite. Chaka chomwecho cha 2013 dziko la Zambia linakonzanso maphunziro ake, ndipo phunziro la makompyuta linalowa m'Giledi 8 ndi 9. Mayeso oyamba a phunziroli analembedwa mu 2015, ndipo m'masukulu ambiri panaoneka mavuto awiri: makompyuta anali ochepa, ndipo magetsi anali osadalirika. Kuyambira pamenepo masukulu ambiri, ngakhale a pulaimale, akhala akuyesetsa kupeza makompyuta. Ena amalandira ngati mphatso, ena amagula ndi ndalama zimene makolo asonkha movutikira. Ndalama zotere siziyenera kutayika chifukwa cha kusankha mosadziwa.

Chifukwa chiyani tikunena za phokoso?

Mwina wina afunse kuti, kodi kaphokoso ka kompyuta n'kanthu? Tiyeni tione. Kukula kwa phokoso kumayesedwa ndi muyeso wotchedwa decibel. Munthu akamanong'ona, mau ake amakhala pafupifupi ma decibel 30. Anthu awiri akamacheza bwinobwino, mau awo amafika pafupifupi 60. M'chaka cha 1999 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linalangiza kuti phokoso la m'kalasi, pa nthawi ya maphunziro, lisapitirire ma decibel 35, kuti ana amve bwino mau a mphunzitsi.

Muyeso umenewu uli ndi khalidwe lake. Makompyuta awiri a phokoso lofanana akamalira pamodzi, phokoso limakwera ndi ma decibel 3 okha. Akakhala khumi limakwera ndi 10, ndipo khutu la munthu limamva ngati phokosolo lawirikiza kawiri. Motero kompyuta imene payokha ikulira pa 25 imaoneka yachete, koma mukaika khumi zotere moyandikana m'chipinda chimodzi, mwafika kale pa 35 mphunzitsi asanatsegule pakamwa.

Kumbukiraninso kuti ku Chongwe ana ambiri amalankhula Chisoli kwawo, ndipo kusukulu amakumana ndi Chinyanja ndi Chingerezi. Munthu wamkulu akaphonya mau amodzi m'chiganizo cha chilankhulo chake, amatha kuwalingalira yekha. Koma mwana amene akuphunzira chilankhulo chatsopano akaphonya mau amodzi, chiganizo chonse chimamusokonekera. Mwana wokhala kumbuyo, ndi mwana amene makutu ake samva kwenikweni, ndiwo amayamba kuvutika.

Palinso chifukwa china. M'makina, phokoso kawirikawiri limachokera ku chinthu chozungulira, ndipo chinthu chozungulira chimatha msanga ndiponso chimadya magetsi. Choncho posankha kompyuta yachete, nthawi zambiri timakhala tasankhanso yolimba ndi yosawononga magetsi.

Nkhokwe ya kompyuta

Mabuku, zithunzi, mayina a ana ndi zotsatira za mayeso zimene mumaika m'kompyuta zimakhala m'nkhokwe yake, ndipo zimakhalabe momwemo ngakhale kompyutayo itazimitsidwa. Nkhokwezi zilipo za mitundu iwiri ikuluikulu.

Mtundu woyamba ndi hard disk. Kampani ya IBM ya ku America ndiyo inatulutsa yoyamba m'chaka cha 1956. Inali ndi mbale zozungulira 50, iliyonse yotambalala masentimita 61, ndipo kulemera kwake kunali ngati tani imodzi. Ngakhale inali yaikulu chotero, inkasunga zilembo mamiliyoni 5 okha, zimene lero sizikwanira zithunzi ziwiri zabwino za pafoni. Hard disk ya masiku ano imakwana m'dzanja, koma kagwiridwe kake ka ntchito n'komweko. M'kati mwake muli mbale zosalala zopakidwa zinthu za maginito. Mbalezo zimazunguliridwa ndi kainjini, kawirikawiri maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi. Ananu, gawani 7,200 ndi 60, ndipo mupeza kuti mbaleyo imazungulira maulendo 120 pa sekondi iliyonse. Pamwamba pa mbale pamayenda kadzanja kamene kamalemba ndi kuwerenga. Kansonga kake sikakhudza mbale, koma kamayandama pa mpata wochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi la munthu. Kung'ung'udza kumene mumamva ndi kwa mbale zozungulira, ndipo kugogoda kwapansipansi ndi kwa kadzanjako pamene kakufunafuna malo.

Tsono taganizani chimene chingachitike mwana akagunda desiki mwamphamvu mbale zili mkati mozungulira. Kansonga kaja kangakande mbale, ndipo zolembedwa pamalopo zingatayike.

Mtundu wachiwiri ndi SSD. Imeneyi ilibe mbale, ilibe injini, ilibe chilichonse choyenda. Imasunga zinthu m'tizipangizo tating'ono tamagetsi tofanana ndi tija tili m'fulashi ndi m'memori kadi ya foni. Njira imeneyi inatulukiridwa ndi Fujio Masuoka wa ku kampani ya Toshiba ku Japan, ndipo mtundu umene uli m'ma SSD anauonetsa poyera mu 1987. Popeza mulibe choyenda, SSD silira, siopa kugwedezeka ngati hard disk, imadya magetsi ochepa, ndipo imatsegula mabuku mwachangu. Pa kompyuta ya m'kalasi, nkhokwe yoyamba kuiganizira ndi SSD.

Pogula, yambani mwaona malo amene ali m'kompyuta yanu, pakuti kompyuta yaing'ono ilibe malo ambiri. Pali SSD yooneka ngati kabokosi kaphanthiphanthi, imene amalonda amaitcha ya mainchesi 2.5, ndipo imalumikizidwa ndi chingwe cha mtundu wa SATA. Palinso ina yotchedwa M.2, yooneka ngati chidutswa cha rula. Yofala kwambiri imalembedwa nambala 2280, kutanthauza kuti m'mimba mwake ndi mamilimita 22 ndipo m'litali ndi mamilimita 80. Chenjerani apa: ma M.2 ena ndi a mtundu wa SATA, ena ndi a mtundu wa NVMe, ndipo si kompyuta iliyonse imene imalandira mitundu yonse iwiri. Werengani kabuku ka kompyuta yanu, kapena lembani dzina ndi nambala yake papepala n'kupita nalo kwa wogulitsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Nanga ikhale yaikulu bwanji? Kukula kwa nkhokwe kumayesedwa m'ma GB. Kompyuta yolembera makalata, yowerengera masamu ndi yophunzitsira ana kutaipa imakwanira ndi ma GB 256. Koma sukulu imene ilibe intaneti ingafune kusunga laibulale yonse m'kompyuta imodzi. Mapulogalamu aulere monga Kiwix ndi Kolibri amalola kuti ana awerenge mabuku ndi kuonera maphunziro popanda intaneti. Wikipedia yonse ya Chingerezi, pamodzi ndi zithunzi zake, imatenga malo pafupifupi ma GB 100 kapena kupitirirapo pang'ono. Pa ntchito yotere sankhani ya ma GB 512 kapena 1,000.

Kodi tsono hard disk n'njachabe? Iyayi. Pa ndalama zofanana, hard disk imapatsa malo ochuluka kuposa SSD. Ngati sukulu ikufuna kusunga makanema ambiri a maphunziro, hard disk ingathandize. Pamenepo sankhani yaing'ono ya mainchesi 2.5 yozungulira maulendo 5,400, chifukwa imalira pang'ono ndipo imadya magetsi ochepa poyerekeza ndi yaikulu ya mainchesi 3.5. Poimanga, ikani timphira pakati pa iyo ndi chitsulo cha kompyuta, kuti kunjenjemera kwake kusafalikire. Musaike kompyutayo pa desiki la thabwa lopyapyala, pakuti desikilo limakuza phokoso monga momwe thupi la ng'oma limakuzira kulira kwa chikopa.

Masukulu ena ali ndi kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 2012 kuchokera ku Cambridge ku England. Kukula kwake kuli ngati chitupa, ndipo kamasunga zinthu m'memori kadi. Memori kadi n'njachete ndithu, koma imatopa msanga ikamalembedwa tsiku ndi tsiku, ndipo imaonongeka mosavuta magetsi akazima mwadzidzidzi. Ngati kakompyuta kameneka ndiko kakusunga laibulale ya sukulu, n'kwanzeru kukalumikiza ku SSD.

Mau awiri a chenjezo. Loyamba: pamsika pali mafulashi ndi ma SSD achinyengo, olembedwa kunja kuti ndi aakulu pamene m'kati ndi aang'ono. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo ukatsika modabwitsa, kayikirani. Gulani kwa wamalonda wodziwika, landirani lisiti, ndipo tsiku lomwelo dzazani nkhokweyo ndi zinthu zambiri, kenaka muzitsegule kuti muone ngati zonse zilimo. Lachiwiri: hard disk ikayamba kudwala kawirikawiri imachenjeza ndi kugogoda kwachilendo, koma SSD ingafe mwakachetechete popanda chizindikiro. Ndiponso SSD ikasiyidwa nthawi yaitali m'malo otentha osailumikiza ku magetsi, zina za m'kati mwake zingafufutike. Chifukwa chake zolemba zofunika, monga kaundula wa ana ndi zotsatira za mayeso, zizisungidwa m'malo awiri, ndipo nkhokwe yachiwiriyo izikhala m'chipinda china. Madzi akatayika saoleka.

Chida chopatsa magetsi

Magetsi a ZESCO amafika pakhoma ali ndi mphamvu ya ma volt 230, ndipo amapita ndi kubwerera maulendo 50 pa sekondi. Ziwalo za kompyuta sizingadye magetsi otere. Zimafuna magetsi ofatsa, oyenda njira imodzi, a ma volt 12, 5 ndi 3.3. Chida chimene chimasintha magetsi a pakhoma kukhala oyenera kompyuta chimatchedwa power supply. Tingachiyerekeze ndi mayi amene amasinja chimanga n'kuphika phala loti khanda lithe kumeza.

Posintha magetsiwo, ena amatayika ngati kutentha. Aphunzitsi, lembani izi pabolodi. Tinene kuti kompyuta ikufuna ma watt 80. Chida chimene chimapereka magawo 80 pa 100 alionse chidzakoka ma watt 100 pakhoma, ndipo ma watt 20 adzasanduka kutentha. Chida chabwinopo, chopereka magawo 90 pa 100, chidzakoka ma watt pafupifupi 89, ndipo otayika adzakhala 9 okha. Kutenthako kuyenera kutulutsidwa, ndipo chotulutsa chake ndi fani. Kutentha kukachuluka fani imathamanga, ndipo ikathamanga imalira. Apa ndi pamene kusunga magetsi ndi kukhala chete zimakumana.

Kuyambira m'chaka cha 2004 pali chizindikiro chotchedwa 80 PLUS chimene chimaikidwa pa zida zoyesedwa n'kupezeka kuti zimapereka magawo osachepera 80 pa 100. Chili ndi masitepe ake, monga Bronze, Gold ndi Platinum, ndipo sitepe ikakwera, magetsi otayika amachepa. Chizindikirochi sichiyesa phokoso, komabe chimakuuzani kuti chidacho sichitentha kwambiri.

Za fani, lamulo lake n'losavuta: fani yaikulu yozungulira pang'onopang'ono imakankha mpweya wofanana ndi fani yaing'ono yothamanga, koma phokoso lake limachepa. Vuto la kompyuta yaing'ono n'lakuti malo a fani yaikulu mulibe. Zida za mtundu wa Flex ATX zimakhala ndi kafani ka mamilimita 40, kamene kawirikawiri kamalira ngati udzudzu pakhutu. Za mtundu wa SFX zimakhala ndi fani yokulirapo, ya mamilimita 80 kapena 92, ndipo zina mwa izo zimaimitsa faniyo pamene ntchito ili yochepa. Ngati bokosi la kompyuta yanu likulola, SFX ndiyo yabwinopo.

Koma makompyuta ang'onoang'ono ambiri a masiku ano alibe chida chimenechi m'kati. Amagwiritsa ntchito adaputa yakunja, yonga chaja ya laputopu, imene ilibe fani konse. Pa kalasi, imeneyi ndiyo njira yachete koposa. Adaputa ikatayika kapena ikapsa, musangotola iliyonse imene yalowa pabowo. Yang'anani zinthu zitatu zolembedwa pansi pa kompyuta ndi pa adaputa. Ma volt afanane ndendende: kompyuta ya ma volt 19 ipatsidwe 19. Ma amp a adaputa akhale ofanana ndi amene kompyuta ikufuna, kapena ochulukirapo, koma asachepe. Ndipo kachithunzi kosonyeza mbali ya kuphatikiza ndi ya kuchotsera kafanane. Kuti mudziwe ma watt, chulukitsani ma volt ndi ma amp: 19 kuchulukitsa ndi 3.42 ndi pafupifupi 65. Adaputa yotsika mtengo, yopepuka ngati mulibe kanthu m'kati, imene imalira mluzu kapena kutentha kosagwirika, ichotseni msanga, pakuti ingaphe kompyuta kapena kuyambitsa moto.

Musanyengedwenso ndi nambala yaikulu. Kompyuta yofuna ma watt 60 sipindula kanthu ndi chida cha ma watt 750. Zida zimenezi zimagwira bwino ntchito zikasenza pafupifupi theka la katundu wake, ndipo zikasenza wochepa kwambiri zimataya gawo lalikulu la magetsi.

Ananu, mverani bwino apa. Musatsegule power supply kapena adaputa, ngakhale itazulidwa pakhoma. M'kati mwake muli tizida timene timasunga magetsi kwa kanthawi, ndipo tingavulaze munthu koopsa. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wophunzira.

Magetsi akazima

Gawo lalikulu la magetsi a Zambia limachokera ku mphamvu ya madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Mvula ikachepa, magetsinso amachepa. Zinatero mu 2015 ndi mu 2019, ndipo mu 2024 chilala chinakula kotero kuti pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Pofika mwezi wa September chaka chimenecho, madera ambiri ankalandira magetsi maola atatu okha patsiku. Kwa Asoli a ku Chongwe, kufunika kwa mvula si nkhani yachilendo: chaka ndi chaka pa mwambo wa Chakwela Makumbi, Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imatsogolera anthu kupempha mvula nyengo yobzala isanayambe. Masiku ano mvula yomweyo ndiyo imayatsanso nyale ndi makompyuta a pasukulu.

N'chifukwa chake masukulu ambiri akutembenukira ku sola ndi mabatire. Pamenepa watt iliyonse n'njamtengo wapatali. Tiyeni tiwerengenso. Batire ya ma volt 12 yolembedwa 100 Ah imasunga mphamvu yokwana ma watt 1,200 kwa ola limodzi. Batire ya asidi siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, apo ayi imafa msanga, choncho otsala oti tigwiritse ntchito ndi 600. Kompyuta yakale yaikulu pamodzi ndi sikirini yake ikamadya ma watt 150, idzayaka maola 4. Kompyuta yaing'ono ya SSD pamodzi ndi sikirini yake ikamadya ma watt 40, idzayaka maola 15. Maolawa amachepako pang'ono chifukwa inveta nayonso imadyako gawo lake, koma kusiyana kwake mwakuona. Batire imodzi yomweyo ingaphunzitse kalasi imodzi kapena makalasi atatu, malinga ndi kompyuta imene mwasankha.

Inveta ndicho chida chosintha magetsi a batire kukhala onga a pakhoma. Zilipo za mitundu iwiri. Yolembedwa pure sine wave imatulutsa magetsi osalala onga a ZESCO. Yolembedwa modified sine wave n'njotsika mtengo, koma magetsi ake ndi odumphadumpha, ndipo amachititsa zida zina kulira ngati njuchi ndi kutentha. Pa makompyuta sankhani yoyambayo. Popeza invetayo ili ndi fani yake, iikeni m'chipinda chosungiramo katundu, pamalo opita mphepo, kutali ndi makutu a ana.

Sukulu imene ili pa magetsi a ZESCO iganizire za UPS, kabokosi kokhala ndi batire kamene kamagwirizira kompyuta kwa mphindi zingapo magetsi akazima, kuti munthu asunge ntchito yake n'kuzimitsa bwino. M'nyengo ya dzinja, kuyambira November mpaka April, mphezi zingatumize magetsi amphamvu m'mawaya. Mabingu akayamba, zimitsani makompyuta ndi kuzula mapulagi pakhoma. Teroninso poweruka Lachisanu ndi potsekera sukulu.

Fumbi ndi kutentha

Kompyuta imene inali yachete pogula ingayambe kulira pakapita chaka. Kawirikawiri wolakwa ndi fumbi. Mphepo ya August ndi September imanyamula fumbi lambiri, ndipo m'kalasi mulinso fumbi la choko. Fumbilo likatseka mabowo a mpweya, kutentha kumakwera ndipo fani imathamanga kosalekeza, makamaka m'mwezi wotentha wa October pansi pa denga la malata. Ikani makompyuta patebulo, osati pansi, ndiponso kutali ndi bolodi. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi kumbuyo ndi m'mbali. Aphimbeni ndi nsalu pokhapokha atazimitsidwa, ndipo kamodzi pa temu mphunzitsi apukute mabowo ndi burashi yofewa, pulagi itazulidwa.

Zoti muchite m'kalasi

Aphunzitsi aakulu ndi a komiti ya makolo, musanapereke ndalama funsani mafunso anayi. Kodi nkhokwe yake ndi SSD, ndipo ndi ya ma GB angati? Kodi kompyutayo imadya ma watt angati? Kodi adaputa yake ndi yeniyeni, ndipo ikapsa ina ingapezeke ku Lusaka? Kodi wogulitsa alola kuti iyatsidwe pamaso panu kwa mphindi khumi? Akalola, imani mtunda wa mita imodzi ndi kumvetsera. Ngati mukuimva m'sitolo momwe muli phokoso, m'kalasi idzamveka koposa.

Ananu, nayi ntchito yanu ya sabata ino. Choyamba, khalani chete kwa mphindi imodzi n'kulemba phokoso lililonse limene mukumva m'kalasi mwanu, kenaka mugawe limene mungathe kulichepetsa ndi limene simungathe. Chachiwiri, mothandizidwa ndi aphunzitsi anu, werengani ma volt ndi ma amp olembedwa pa chaja ya foni yozulidwa pakhoma, ndipo mupeze ma watt ake. Chachitatu, yankhani funso ili: batire yathu ija ya 600 ingayatse maola angati makompyuta atatu, iliyonse ikamadya ma watt 40? Aphunzitsi adzaona mayankho anu mawa m'mawa.